Dzanja la M'buku la Alendo

Wotchi ili pakhoma la shopu yangayi si yanga. Ndi ya akulu anga. Anawapatsa a koleji tsiku lomwe ankapuma pa ntchito, ndipo m'mawa mwake anaibweretsa kuno n'kuisiya pa makina anga osokera. Makasitomala amaiyamikira. Ine ndikaiyang'ana mtima umandiwawa, ndipo ndatopa nako kuyankha kuti ndi mphatso chabe.

Ndine telala. Kashopu kanga kali kunja kwa geti la koleji, ndipo moyo wanga wonse ndadyera kufupikitsa masiketi ndi kusintha mazipi a ana a sukulu. Akulu anga ankagwira ntchito mkati, pakhomo la hositeli ya atsikana. Malo awo anali pansi pa masitepe: tebulo, mpando wachitsulo wokhala ndi kapilo komwe ndinawasokera, bolodi lokolekapo makiyi, ndi buku lalikulu la chikuto chakuda, cholembera chake chomangirira ndi chingwe kuti ana asachinyamule. Anakhala pamenepo zaka pafupifupi makumi awiri. Atsikana ankawatchula kuti Mayi Makiyi.

Sukulu sanapite nayo patali. Mayi athu atamwalira, iwo ndi amene anasiya kuti atilere ife aang'ono. Koma dzanja, abale, anali nalo. Ankalemba zilembo zozungulira bwino, zoimirira mofanana ngati za pa satifiketi. Pa koleji analowa ngati okolopa, ndiye tsiku lina bwana wina anaona kalata yawo yopempha tchuthi n'kufunsa amene wawalembera. Atamva kuti alemba okha, anawachotsa pa chikolopa n'kuwaika pa buku. Dzanjalo ndi lomwe linawapatsa mpando, n'kuwapatsanso nyumba ya koleji ya zipinda ziwiri kuseri kwa khitchini.

Nyumba imeneyo muikumbukire. Alamu anga, amuna awo, anali dalaivala, koma anafa ziwalo mbali imodzi ndipo ankayendera chikuku. Nyumbayo inalibe sitepe pakhomo, chikuku chinkalowa bwinobwino, ndipo kachipatala ka koleji kanali pafupi, poti n'kuitana nesi ali pakhonde. Munthu akachotsedwa ntchito ankapatsidwa mwezi umodzi kuti atulukemo. Pamene nkhaniyi inkachitika, akulu anga anali atatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri kuti apume mwaulemu.

Lamulo la pa hositeli linali lakuti mnyamata akabwera kudzacheza alembedwe m'buku: dzina lake, nambala ya chipinda, nthawi yolowa. Kenako mtsikana atsike adzalembe yekha dzina lake, kusonyeza kuti mlendoyo wamulandira. Pomakwana 6 koloko madzulo anyamata onse akhale atatuluka, nthawi yotuluka italembedwa. Mnyamata akapezeka mkati 6 itadutsa, wolandidwa chipinda anali mtsikana.

Zaka zoyamba akulu anga ankakwera okha kukagogoda, kaya ndi pansanja yachitatu. Kenako mawondo anayamba kutupa. Atsikana nawonso, mukuwadziwa, wina ali kubafa, wina akumangitsa tsitsi, wina akuti ndikubwera koma osabwera, mnyamata ali chilili pakhomo ngati wogulitsa makala. Ndiye akulu anga anayamba kumangowalembera okha. Mnyamata akatchula nambala ya chipinda, iwo ankadziwa kale mwini wake, n'kulemba dzina, basi.

"Kwerani, akamwini," ankatero. Anyamata onse anali akamwini awo, poti atsikana onse anali ana awo.

Ikatsala pang'ono kukwana 6 ankamenya chitsulo cha masitepe ndi kiyi katatu, n'kudzaza mzere wonse wa nthawi yotuluka: 5:50, 5:50, 5:50, mpaka pansi. Ambiri ankatsikadi. Ochedwa ankatsika cha m'ma 7, n'kukalipiridwa pakhomo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ankachita zimenezi kuti mwana wa eni asalandidwe chipinda chifukwa cha mnyamata wosamva belu. Palibe ankaona cholakwa. Bwana woyang'anira mahositeli ankabwera Lachisanu lililonse, n'kutsegula masamba, n'kusaina pansi, n'kunena kuti m'koleji monse mulibe buku laukhondo ngati limeneli.

Pamwamba pa tebulo lawo a koleji anamatapo chipepala chachikulu. Ndinachiwerenga kambirimbiri podikira atsikana kuti adzayese zovala. Chinkati kuvomera ndi kunena inde momveka, mwa kufuna kwako, wosaopsezedwa. Kukhala chete si kuvomera. Kulola munthu kulowa m'chipinda si kuvomera. Ndipo amene wavomera akhoza kusintha maganizo. Mawu abwino kwambiri. Akulu anga ankachipukuta fumbi.

M'chipinda nambala 14 munkagona mtsikana wa chaka chachiwiri, wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Ine ndinkamudziwa poti ndinamusokerapo diresi, ndipo ankagwira chilichonse ndi dzanja lamanzere. Akulu anga ankangomuti Wamanzere. Lachinayi lina, cha m'ma 4, kunabwera mnyamata wa m'kalasi mwake, waulemu wake, uja ankayamba wavula chipewa asanapereke moni. Anati wabweretsa manotsi a wa nambala 14. Akulu anga analemba dzina lake, analemba 4:20, analembanso dzina la mtsikanayo.

"Kwerani, akamwini."

Nthawi yake itakwana anamenya chitsulo n'kudzaza mzere. Atsikana anatuluka kupita kokadya, hositeli inatsala zii. Mnyamatayo anatsika 7 itadutsa kale, akulu anga akumanga chikwama kuti asiyire mlonda.

"Akamwini, mundichotsetsa ntchito inu," anatero.

Mnyamatayo anangodutsa, chipewa sanavule.

Patapita masiku atatu nkhani inali m'kamwam'kamwa. Wamanzere anali atakadandaula ku ofesi kuti mnyamatayo anamugwirira. Mnyamatayo anati anagwirizana. Pano ndinene zoona: zomwe zinachitika m'chipinda chimenecho ine sindikuzidziwa. Akulu anga sakuzidziwa. Mtima wanga uli ndi mbali yomwe umapendekera, koma sindinalimo. Chomwe ndikudziwa, ndipo ndikhoza kuchinena paliponse, n'chakuti bukulo linanama pawiri.

Koleji inali ndi komiti yoweruza milandu ya ana a sukulu, aphunzitsi anayi ndi mlembi. Mlembiyo anali kasitomala wanga, mayi wolankhula pamene ukumuyeza m'chiuno, ndiye zambiri ndinamva ndili ndi mapini kukamwa. Mnyamatayo anamuletsa kulowa m'kalasi milungu isanu asanamufunse ngakhale funso limodzi, mpaka mayeso ena anamudutsa. Mtsikanayo anamufotokozetsa nkhani yomweyo kanayi, kwa anthu anayi osiyana. Tsiku la mlandu aliyense analowa payekha, wopanda kholo, wopanda womuyankhulira, wina Lolemba wina Lachitatu. Palibe anamva zomwe mnzake wanena. Palibe anaonetsedwa pepala lililonse.

Buku anatumiza mesenjala kudzalitenga. Analipanga fotokope tsamba limodzi n'kulibweza tsiku lomwelo. Munthu amene ankalemba m'bukumo, amene anaona mnyamatayo akulowa ndi kutuluka, sanaitanidwe. Mlembi anandiuza mosabisa kuti komiti siitana antchito a m'munsi ngati pali cholembedwa, poti cholembedwa sichiiwala.

Wamanzere anauza komiti kuti sanaitane mnyamatayo, anangomva kugogoda. Anati poyamba ankaonadi manotsi, ndipo zinachitika anzake onse atapita kokadya, 6 itadutsa, pamene panalibe womumva. Wapampando anayang'ana pepala lake n'kumufunsa ngati anasaina m'buku la alendo. Anati ayi. Anamufunsa kachiwiri. Anati ayi, sanatsike n'komwe. Mnyamatayo atafunsidwa ngati anatuluka 5:50 monga buku likunenera, anayankha kuti, "Ngati buku likutero."

Anthu ophunzira ndi ochenjera, sanganene kuti kusaina ndi kuvomera, poti chipepala chawo chomwe chikukana. Anati chabe munthu amene wanama pa zinthu ziwiri zooneka sangakhulupirike pa chinthu chosaoneka. Mnyamatayo anamumasula. Ndiye poti malamulo omwewo amalanga wopereka umboni wabodza, mtsikanayo anamuimitsa sukulu chaka chathunthu n'kumulanda chipinda. Anamupatsa masiku asanu ndi awiri ochita apilo, ngati ali ndi umboni watsopano.

Mlembi atandiuza zimenezi n'kutuluka m'shopu, ndinasiya makina ali ndi nsalu, n'kuthamangira ku hositeli. Ndinawapeza akulu anga akupukuta makiyi.

"Achemwali, mwamva zomwe buku lanu lachita?"

Nditawafotokozera anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pamawondo. Iwo ankaganiza kuti buku analitengera kukaona ngati mnyamatayo anabweradi.

"Mwana uja sanasaine," anatero. "Ndinalemba ndine."

"Ndikudziwa. Ndiye mukanene."

Anapita m'mawa mwake, atavala yunifolomu yosita. Sanapite ku komiti, poti wantchito wa m'munsi sadumpha bwana wake. Anapita kwa woyang'anira mahositeli, bambo wonenepa wokonda kuseka, amene ankawatchula kuti mayi athu. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Mayi athu, mukundiuza kuti zaka zonsezi mwakhala mukulemba zabodza m'buku la koleji? Mukusainira ana? Ndipo ine ndakhala ndikusaina pansi pake Lachisanu lililonse?"

"Ndimathandiza ana, bwana."

"Ndikalemba zomwe mwanenazi, mawa mulandira kalata. Mwezi ukatha, akuluakulu aja muwakankhira kuti ndi chikuku chawo?" Anatsegula chitseko. "Ine sindinamve kanthu. Tulukani, mulowenso, mundipatse moni."

Ndipo akulu anga, mayi wa imvi, anatulukadi, n'kugogoda, n'kulowanso, n'kupereka moni. Pondiuza zimenezi sanalire. Amene ndinalira ndi ukali ndine.

Ndinawalembera kalata yopita kwa wapampando wa komiti, yofotokoza zonse, n'kuwasiyira malo osaina. Ndinawauza kuti ngati akuopa komiti angokwera masitepe, kaya mokwawa, akamuuze mwanayo kuti apilo yake ili m'manja mwawo. Ndinawanena mawu owawa. Ndinati mumawatchula kuti ana anu chifukwa choti kutchula n'kwaulere. Kalatayo anaipinda n'kuiika m'thumba la yunifolomu. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Wamanzere sankatuluka m'chipinda. Anzake ankamutengera chakudya, ndipo akulu anga ankawafunsa ngati wadya.

Tsopano ndifike pa ine, poti n'zosavuta kuoneka wolungama pa nkhani ya mnzako. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapita kunyumba kwawo masana. Ndinawapeza akuwasambitsa alamu. Anawanyamula okha kuchoka pa chikuku, ndi mawondo awo otupa aja, alamu akuyesa kunena zikomo ndi pakamwa popotoka. Titatuluka pakhonde anatulutsa kalata ija, itayamba kale kuthothoka m'mopindamo.

"Ndasaina," anatero. "Mawa ndikapereka. Iwe, kwako kuja tingakwanemo atatu?"

Kwanga ndi chipinda chimodzi kuseri kwa shopu, chokhala ndi masitepe anayi pakhomo, chimbudzi chili kunja. Ndinaona chikuku chija m'chipinda changa. Ndinadziona ndikunyamula mwamuna wa eni m'mawa ndi madzulo mpaka kalekale. Ndiye ine yemwe uja, wa pakamwa pakuthwa, ndinati, "Mwina muyambe mwaganiza bwino, achemwali. Mwana uja ndi chaka chimodzi chokha, adzabwerera."

Anabweza kalata m'thumba. Sanandinenepo za mawu amenewo mpaka lero, ndipo bola akanandinena.

Masiku a apilo anatha Lachiwiri. Lachisanu m'mawa ndinali pa benchi ya pakhomo la hositeli ndi zovala za makasitomala pamene Wamanzere anatsika ndi sutikesi ndi ndowa. Bambo ake anali panja, mwamuna woonda wa jekete yaikulu, atatembenukira kumsewu kuti asaonane ndi munthu. Wotuluka m'hositeli ankabweza kiyi n'kusaina kumapeto kwa buku lomwelo. Akulu anga analitembenuzira kwa iye. Anatenga cholembera ndi dzanja lamanzere n'kulemba dzina lake, tizilembo ting'onoting'ono togwera kumbuyo.

Atamaliza sanasiye buku.

"Mayi, ndingaone tsamba la tsiku lija? Ku komiti anandikaniza."

Mwanayo anatsegula yekha, kubwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba, mpaka anafika. Anaika chala pa dzina lake, lozungulira bwino, loimirira ngati la pa satifiketi. Kenako chalacho chinakwera m'mwamba, pa maina a anzake, n'kutsikanso. Tsamba lonse linali dzanja limodzi. Mwana wa pulayimale akanaona zimenezo, koma aphunzitsi anayi sanazione, kapena sanafune.

"Ndi dzanja lanu ili, mayi?"

"Ndi langa, mwanangu."

"Nanga 5:50 iyi?"

"Ndi yanganso. Anatuluka 7 itadutsa. Ndinamuona."

Ndinkayembekeza kuti akuwa, mwina awamenye ndi bukulo. Ndikanakonda zimenezo. Koma anangotulutsa mpweya wautali n'kugwira tebulo.

"Ndinayamba kuganiza kuti ndapenga," anatero motsitsa mawu. "Ankandiuza kuti wasaina, tili nalo pepala. Ndinkakhala pabedi kuyesa kukumbukira ngati ndinatsika. Ndinafika pomaganiza kuti ngati ndaiwala zimenezo, mwina zinazonso ndikuzikumbukira molakwa. Bambo anga panjapo akudziwa kuti ndine wabodza."

Akulu anga anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kalata ija, n'kuiika pa buku. Mwanayo anaiwerenga yonse, mpaka pa tsiku lomwe anasaina, n'kuipinda bwinobwino mmene inalili.

"Munasaina Lolemba," anatero. "Apilo inatseka Lachiwiri."

"Tenga, mwanangu. Ukawaonetse bambo ako."

"Ayi, sungani. Mwaisunga kale bwino."

Ananyamula sutikesi. Mzere wa nthawi yotuluka unali usanalembedwe, ndipo umenewo ankalemba ndi wapakhomo. Analoza ndi chibwano.

"Lembani nthawi, mayi. Yeniyeni."

Akulu anga analibe wotchi. Zaka zonse zija ankangoona dzuwa pa masitepe ndi kumva phokoso la mbale kukhitchini. Anatembenukira kwa ine, ndipo ndinayang'ana pa foni n'kuwauza kuti 9:17. Analemba manambala opindika ngati a munthu wina. Mwanayo anadikira mpaka amalize, n'kutuluka osatsanzika.

Sanabwerere chaka chitatha. Ena amati anakwatiwa, ena amati amagulitsa m'sitolo ya mankhwala kutali. Ndinafunsafunsa, kenako ndinasiya. Mnyamata uja anabwereza chaka chifukwa cha mayeso anamudutsa aja, ndipo pa hositeli ya atsikana sanapondenso. Akakumana ndi akulu anga panjira ankawoloka msewu. Kaya anali wolakwa, kaya wosalakwa, naye sanapeze tsiku loti ayeretsedwe ndi zoona. Anamasulidwa ndi bodza, ndipo ankadziwa.

Kuyambira tsiku limenelo akulu anga sanalemberenso mwana aliyense. Mtsikana ankayenera kutsika yekha, kaya ali ndi sopo m'mutu. Mnyamata akachedwa, akulu anga ankafunsa nthawi kwa mlonda n'kulemba yomweyo. Atsikana atatu analandidwa zipinda chaka chimenecho, ndipo ana anasiya kuwatchula Mayi Makiyi, n'kuyamba kuwatchula dzina lina lomwe sindingalibwereze. Mawu akuti akamwini sindinawamvenso pakamwa pawo.

Anakwanitsa chaka chawo ndi miyezi iwiri. Alamu anamwalira m'nyumba ya koleji momwemo kutatsala milungu itatu kuti akulu anga apume, nesi ali pambali, monga momwe akulu anga ankafunira. Pa mwambo wotsanzikana nawo popuma ntchito, bwana wonenepa uja anayankhula nthawi yaitali. Anati mayi athuwa ndi chitsanzo cha kukhulupirika, ndipo buku lawo linathandizapo ngakhale komiti kupeza chilungamo. Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinali pomwepo, ndipo manja anga anawomba nawo.

Kenako anawapatsa wotchi. Akulu anga anailandira ndi manja awiri n'kuthokoza, m'mawa mwake n'kuibweretsa kwa ine, poti akudziwa kuti theka lake ndi langa. Ndinaikhoma pamwamba pa makina, pamene ndimaiona ndikangodzutsa mutu. Imayenda bwino, sitaya ngakhale mphindi imodzi.